Kodi M'belo Muli Chiyani?

Ana anga, senderani kuno, ine azakhali anu ndabwera ndi kanthu. Lero si nthano ayi. Ndabweretsa liwu limodzi lokha. Ndi lalifupi ngati mchira wa mbuzi, zilembo zake zinayi basi. Koma chinthu chimene limatchula, ha, n'cholemera! Mwalidziwa? Liwu lake ndi belo.

Kodi belo munalionapo? Ine ndinaliona Loweruka lapitali pa msika wa Kapata. Dzuwa linali lisanakwere. Mnyamata wina anatulukira akukankha njinga. Kukwera sakanatha, chifukwa pakaliyala panali chinthu chachikulu, chokulungidwa m'pulasitiki, chomangidwa ndi malamba kuti thi. Amayi amene ankagula tomato anasiya tomatoyo. Maso onse pa njinga. Wina anafuula kuti, "Belo lafika!" Inenso ndinatsatira, dengu lili m'manja. Zimene zinatuluka m'belo lija ndikuuzani, musade nkhawa. Koma tiyambe ndi dzina lake.

Kodi liwu limeneli ndi lathu? Lero ndi lathu, koma linabwera ngati mlendo. Kwawo ndi ku Chingerezi. Angerezi amalemba bale, ndipo potchula amati "beil". Tayesani. Mwamva? Lilime likuima panjira, ngati njinga yoduka tcheni. Mawu athu sathera m'malere choncho. Amathera ndi a, e, i, o kapena u. Ndiye makolo athu analiveka o kumapeto, likhale ngati anzake. Anachitanso zomwezo ndi tebulo ndi botolo. Tengani pensulo tsopano. Lembani mawu ena asanu amene anabwera ngati alendo n'kumanga nyumba pakati pathu. Limodzi ndikupatsani: sukulu. Lachiwiri muli nalo kale m'manja, mukulembera.

Nanga tikaliwerenga m'Chichewa, monga Angerezi amalilembera? Apa pali kaseweredwe kokoma. Lembani b, a, l, e. Ikani a kutsogolo. Mwapeza abale! Fufutani a uja, muike m. Mwapeza mbale wanu wobadwa naye, mwapezanso mbale yodyera nsima. Kodi mawu amenewa ndi apachibale ndi belo? Ayi. Angofanana nkhope. Ali ngati amayi awiri osadziwana amene akumana pa ukwati atavala chitenje chimodzimodzi.

Kodi Angereziwo analitenga kuti? Iwonso anachita kubwereka. Analitenga ku Chifalansa zaka zoposa 600 zapitazo. Ndipo tamverani izi: liwu limeneli ndi lapachibale ndi ball, liwu lawo lotchulira mpira. Inde, mpira womwewu umene mumamenya pabwalo! Amalonda akale ankakulunga katundu wawo m'nsalu n'kumanga ndi zingwe. Katunduyo ankaoneka woburungika. Ganizirani mpira wanu wa mapepala a pulasitiki. Mumasonkhanitsa mapepala ambiri, n'kuwafinya, n'kuwakulunga ndi chingwe mpaka alimbe. Mukamatero, ndiye kuti mukupanga kabelo kakang'ono, inu osadziwa.

Koma kodi ife tinalibe mawu athu omangira katundu? Tinali nawo, ndipo alipobe, ambiri. Amayi akachokera kunkhuni amasenza mtolo pa nkhata. Udzu wofolerera nyumba nawonso ndi mtolo, womangidwa ndi luzi. Agogo akamapita ku ulendo amakulunga zinthu zawo m'nsalu, limenelo ndi phukusi. Mpaka akuluakulu anaika mwambi, amati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Mphasa ikapindidwa ndi mpukutu. Mbatata pamsika zimakhala pa mulu. Nthochi zili ndi mawu awiri: phava ndi laling'ono, mkoko ndi wonse wathunthu. Chimanga chotongola chimalowa m'thumba. Taonani kulemera kwa chilankhulo chathu! Kamangidwe kalikonse kali ndi dzina lake.

Nanga tinabwerekeranji belo, popeza mawu tinali nawo? Apa ndi pamene pagona nkhani. Belo si mtolo wamba. Mtolo wa nkhuni uli ndi mipata, buluzi akhoza kulowa n'kutulukira mbali ina. Phukusi ndi lofewa, mukhoza kutsamira. Koma belo ndi katundu amene wapanikizidwa mpaka mpweya wonse wathawa. Mukaligogoda limamveka ngati thabwa. Chinthu chatsopano chinabwera, ndiye chinafuna dzina latsopano.

Kodi m'zovala mumakhala mpweya? Eya, wambiri! Tiyeni tiyese. Pemphani amayi akubwerekeni malaya khumi ochapa. Aponyeni m'beseni osapinda. Ladzaza, eti? Tsopano atulutseni. Apindeni bwinobwino, limodzi pamwamba pa linzake. Ikani kathabwa pamwamba, mukhalepo. Werengani mpaka 20. Dzukani, muone. Malaya akadali khumi, palibe amene watengapo. Koma muluwo wafupika. Chachoka n'chiyani? Mpweya umene unabisala pakati pa nsalu. Mpweya suoneka, koma umadya malo. Munthu wa lole salipitsa mpweya mosiyana ndi katundu. Malo ndi malo basi. Ndiye wamalonda wanzeru amautulutsa kaye asanakweze katundu wake.

Kodi n'chifukwa chiyani belo la masiku ano silioneka ngati mpira? Yesaninso ichi. Tengani malalanje asanu ndi limodzi, muwasanjikize. Akugubuduka, si choncho? Ndipo pakati pawo patsala mipata. Tsopano tengani mabokosi a machesi asanu ndi limodzi. Asanjikizeni. Akhala phee, osasiya mpata. N'chifukwa chake mabelo ambiri amaumbidwa ngati njerwa zikuluzikulu. Amakwanira bwino m'lole ndi m'sitima. Koma mpira uja sunatheretu. M'mafamu akuluakulu a ng'ombe, makina amakulunga udzu wouma n'kupanga mabelo oburungika, ena aatali ngati inu. Ng'ombe zimadya udzuwo m'chilimwe, msipu ukatha.

Kodi kuno kwathu belo lalikulu kwambiri ndi la chiyani? Ndi la thonje. Chigawo chathu cha Kummawa chimalima thonje lambiri m'Zambia muno: kuno ku Chipata, ku Katete, ku Petauke, ku Lundazi. Limabzalidwa ndi mvula yoyamba. Pofika Meyi ndi Juni munda umayera kuti mbee, ngati mitambo yatsikira pansi. Munatolako? Mukalifumbata limapepuka ngati nthenga. Mlimi amalitsindira m'masaka akuluakulu, mwina mpaka kulowamo n'kumaponda ndi mapazi. Kenako lole imalitengera ku fakitale. Kumeneko makina amalekanitsa njere ndi thonje loyera. Njere sizitayidwa ayi. Zimafinyidwa n'kutulutsa mafuta, ndipo zotsalira zake ng'ombe zimadya. Thonje loyera lija limalowa m'makina ena amphamvu. Amalipanikiza, amalipanikizabe, mpaka mulu waukulu usanduke belo limodzi lolimba gwa.

Kodi belo la thonje limalemera bwanji? Pafupifupi makilogalamu 200. Thumba la chimanga limalemera makilogalamu 50. Ndiye ndi matumba angati? Werengani ndi zala. Anayi! Chinthu chopepuka ngati nthenga chasanduka cholemera ngati matumba anayi a chimanga. Ine zimandidabwitsa mpaka lero. Nayi samu ina. Pa makilogalamu 10 a thonje lochokera kumunda, pafupifupi 4 okha ndi thonje loyera. Ambiri mwa otsalawo ndi njere. Ndiye kuti belo limodzi lipangike, pamafunika makilogalamu pafupifupi 500 ochokera kumunda. Onsewo amatoledwa ndi manja, kamodzikamodzi, padzuwa. Mukadzaona lole ya mabelo a thonje pamsewu wa Great East, muziganizira manja amenewo. Mwina ena ndi a agogo anu.

Nanga mabelo amenewo amapita kuti? Kutali. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere. Choncho katundu wopita kutsidya kwa nyanja amadutsa m'mayiko a anansi athu. Madoko ake ndi monga Beira ndi Nacala ku Mozambique, Dar es Salaam ku Tanzania, ndi Durban ku South Africa. Njanji yochokera ku Mchinji inafika kuno ku Chipata mu 2010, ndipo mukaitsatira kudutsa m'Malawi imakafika ku Nacala. Padoko mabelo amakwera sitima ya pamadzi. Akafika, amamasulidwa. Thonje limapotedwa kukhala ulusi, ulusi umalukidwa kukhala nsalu, nsalu imasokedwa kukhala zovala. Belo limodzi likhoza kutulutsa malaya opepuka oposa 1,000. Kusukulu kwanu kuli ana angati? Mwina nonse mukhoza kuvala kuchokera m'belo limodzi!

Kodi pali belo lina limene alimi athu amalidziwa? Lilipo, la fodya. Limeneli ndi lakale kuno. Zaka 100 zapitazo, pamene tauni yathu inkatchedwa Fort Jameson, mafamu a fodya anali kale mozungulira muno. Masamba akauma m'chigafa, akuluakulu amawasankha potengera mtundu ndi kutalika. Amawayala m'bokosi la matabwa. Kenako amadinda ndi jeke, n'kusokerera m'chiguduli. Mwamva mawu akewo? Kudinda! Belo lotere limalemera pafupifupi makilogalamu 100. Kumsika wa fodya mabelo amandandalikidwa m'mizere italiitali, ogula n'kumayenda pakati, kutsegula, kukhudza, kununkhiza. Kutsidya kwa malire a Mwami, anzathu a ku Malawi ali ndi msika waukulu wotere ku Kanengo mu Lilongwe. Koma apa ndilankhule ngati zakhali wanu. Ntchito ya fodya ndi ya akuluakulu. Masamba aawisi, makamaka akanyowa ndi mame, amadwalitsa mwana akamawagwira nthawi yaitali. Mutu umawawa, mseru umabwera. Inu thandizani powerengera mabelo m'kope, manja anu akhale oyera.

Nanga belo lokoma lilipo? Hehe, lilipo, la shuga! Pitani pagolosale, muyang'ane pansi pa shelefu. Muona mapaketi a shuga atakulungidwa pamodzi. Kawirikawiri amakhala mapaketi 20 a kilogalamu imodzi imodzi. Shuga wambiri wa m'dziko muno amachokera ku minda ya nzimbe ya Nakambala ku Mazabuka. Belo limeneli silidindidwa ndi jeke, chifukwa shuga ndi wothinana kale. Liwu lija langokula, layamba kutchulanso katundu wambiri womangidwa pamodzi kuti agulidwe nthawi imodzi. Samu yanu nayi. Ngati kwanu mumamaliza paketi imodzi pa sabata, belo lidzatha pakapita masabata angati? Ndi miyezi ingati imeneyo?

Tsopano tibwerere ku Kapata. Kodi m'belo lija munali chiyani? Munali salaula! Mayi mwini belo analiika pa mphasa. Ife tinazungulira. Anatenga mpeni. Lamba woyamba, pha! Wachiwiri, pha! Pamenepo belo linayamba kufufuma lokha, ngati mtanda wa mandasi. Mpweya uja unathamangitsidwa kutsidya kwa nyanja unali kubwerera, koma tsopano unali mpweya wa ku Chipata. Munatuluka majuzi ofiira, obiriwira, amizeremizere, ena a mabatani onyezimira. Mulu unakula mpaka kudzaza mphasa yonse. Kamwana kena kanafunsa amayi ake kuti, "Zonsezi zinakwanamo bwanji?" Inu yankho mwalidziwa kale.

Kodi salaula ndiye kuti chiyani? Ndi liwu la Chibemba. Limatanthauza kusankha pa mulu, uku ukutembenuzatembenuza. Ku Malawi zovala zomwezi amati kaunjika, kuchokera ku mawu akuti kuunjika. Taonani kukoma kwake. Abemba anayang'ana manja a wogula amene akusankha. Amalawi anayang'ana mulu wa wogulitsa. Chinthu chimodzi, maso awiri. Ife a ku Chipata tili pakati, mawu onse awiri timawamva. Malonda amenewa anakula kwambiri m'Zambia m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Mayi wina wofufuza, Karen Tranberg Hansen, anayenda m'misika ya dziko lino mpaka analemba buku lathunthu lotchedwa Salaula. Linatuluka m'chaka cha 2000.

Kodi zovala zimenezi zimachokera kuti? Ku mayiko monga Britain, Canada ndi America. Kumeneko anthu amapereka zovala zimene sakuzivalanso. Ena amazisonkhanitsa n'kuzisankha: masiketi paokha, mathalauza paokha, za ana pazokha. Makina amazidinda. Pabelo amalembapo mtundu wa zimene zili m'kati. Kenako ulendo: sitima ya pamadzi, doko, lole, mpaka m'nyumba zosungiramo katundu. Kuchokera ku Lusaka kufika kuno ndi makilomita oposa 500. Pomaliza penipeni, kaliyala ya njinga ya mnyamata uja.

Kodi m'belo la salaula mumalowa malaya angati? Mabelo ambiri a salaula amalemera makilogalamu 45. Thumba la chimanga limaliposa ndi makilogalamu 5 okha. Tiyerekeze kuti malaya asanu opepuka amakwana kilogalamu imodzi. Chulukitsani 45 ndi 5. Ndikudikira. Mwapeza 225? Mwakhoza, dziombereni m'manja! Tangoganizani chingwe choyanikira chimene chingakwane malaya 225. Chingayambire pakhomo panu n'kukafika pati?

Kodi wogulitsa amadziwa zimene zili m'kati asanagule? Amadziwa mtundu wokha. Amagula belo lili lotseka. Saloledwa kusuzumira. Tsiku lina amapeza zokongola zokhazokha. Tsiku lina amapeza zong'ambika zambiri, n'kubwerera kunyumba mtima uli pansi. N'chifukwa chake amayi eni belo aja ankapuma mwamphamvu podula lamba woyamba. Ndalama za sukulu za ana awo zinali m'menemo. Ine amayi otere ndimawalemekeza kwambiri. Amawerengera mitengo pamtima, mofulumira kuposa makina. Mukamagula kwa iwo muzipereka moni, ndipo chovala mukachiona muzichibwezera bwino pa mulu.

Nanga n'chifukwa chiyani ogula amathamangira nthawi yotsegula? Woyamba kufika ndiye amasankha zabwino. Koma palinso china. Chovala chotuluka kumene m'belo chimakhala ndi makwinya, ndiponso kafungo kakekake. Kunyumba makwinya timawathamangitsa ndi simbi. Pamsika wa salaula makwinya ndi umboni. Amauza wogula kuti chovala ichi chatuluka lero, palibe amene wachisankha kale. Ndiye liwu loti belo limanyamula zambiri m'mitima ya anthu. Kwa mlimi wa thonje ndi thukuta la chaka chonse. Kwa mayi wa pamsika ndi mpamba wake. Kwa mwana amene Khirisimasi yayandikira, ndi diresi kapena kabudula amene sanamuonebe.

Kodi mwaona chinthu chachilendo pa nkhani imeneyi? Thonje limachoka kuno lili m'belo. Zovala zimabwera kuno zili m'belo. Malole awiri akhoza kuphonyana pamsewu umodzi, ina ikupita, ina ikubwera. Makolo anu amakumbukira nthawi imene mafakitale akuluakulu a nsalu a ku Kafue ndi ku Kabwe ankaluka zitenje zambiri ndi thonje la m'dziko lomwe lino. Afunseni, akuuzani. Salaula ndimaikonda, yaveka ana ambiri m'nyengo yozizira. Koma mtima wanga umalakalaka kuona thonje la ku Chipata likupotedwa, kulukidwa ndi kusokedwa konkuno. Ndani adzayendetse makina amenewo? Ndikuyang'ana inu amene mwapeza 225 mosachedwa.

Kodi m'Chingerezi liwu lija lili ndi ntchito zina? Lili nazo, ndipo ziwiri zikusangalatsani. Ife timati khamu la anthu, gulu la ng'ombe. Angerezi ena akaona akamba a m'madzi ataunjikana pamodzi, gululo amalitcha bale. Tsekani maso, muganizire belo la akamba! Yachiwiri ndi ya inu okonda mpira. Gareth Bale, wosewera wakale wa ku Wales amene anasewerera Real Madrid, dzina lake limalembedwa chimodzimodzi ndipo limatchulidwanso chimodzimodzi. Akanabwera kudzasewera kuno, ndikhulupirira tikanamutcha a Belo.

Nanga ine ndinagulapo chiyani tsiku lija? Kajuzi kofiira ka mdzukulu wanga. Nditafika kunyumba ndinakachapa, n'kukatembenuza kuti kaume. Pakhosi pake ndinapeza kansalu koyera kolembedwa. Panali dzina la dziko limene kanasokedwa: Bangladesh. Dziko limenelo lili ku Asia. Limasoka zovala zochuluka zedi, koma thonje lake lambiri limagula kunja, ndipo lina limachokera kuno ku Africa. Ndinakhala pakhonde, kajuzi kali m'manja. Ndinaganiza za munda woyera mbee, za belo lolimba gwa, za sitima, za mwana wa kudziko lozizira amene anakavala mpaka kanamuchepera. Kenako belo lachiwiri, sitima yachiwiri, ndi njinga ya ku Kapata.

Kodi inunso mungafufuze ulendo wa zovala zanu? Mungathe, lero lomwe. Tembenuzani malaya anu. Yang'anani pakhosi, kapena m'mbali chakumunsi. Pezani kansalu kolembedwa. Lembani dzina la dziko m'kope. Chitaninso ndi juzi, siketi, thalauza la atate, mpaka chipewa cha agogo ngati alola. Mawa kusukulu pemphani aphunzitsi mapu a dziko lonse. Ikani chala chimodzi pa Chipata, china pa dziko limene mwapeza. Kenako mundilembere, mundiuze kuti m'nyumba mwanu mwapezeka mayiko angati. Kwanga ndapeza asanu ndi awiri, ndipo sutikesi ya pansi pa bedi sindinaitsegulebe.